Geni ikagwa: zoyenera kuchita musanafune mpamba wina

Kaya inali benchi ya tomato pa Nsungwi, okala ku Kawale kapena belo la kaunjika pa msika wa Tsoka mu Lilongwe, geni ikagwa imasiyira munthu ngongole, manyazi ndi mphwayi. Ambiri amathamangira kukabwereka kuti abwerere pamalo pawo anthu asanayambe kunena. Dikirani kaye sabata imodzi kapena ziwiri. Pa masiku amenewa musabwereke, musagulitse katundu wa m'nyumba, ndipo musalonjeze aliyense tsiku lomubwezera ndalama.

Gulani kope. Tsamba loyamba lembanipo zomwe zatsala: katundu, sikelo, mbaula, benchi, wilibala. Chilichonse muchipatse mtengo womwe munthu angakupatseni lero, osati womwe munagulira. Tsamba lachiwiri ndi la anthu amene ali ndi ndalama zanu, lachitatu la amene muli ndi ndalama zawo, dzina ndi dzina, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Ngongole ikamangozungulira m'mutu usiku imaoneka ngati phiri la Ngala, koma ikalembedwa imakhala nambala yoti mutha kuigawa m'miyezi.

Kenako fufuzani pomwe mpamba unatulukira. Mawu akuti "zinthu zavuta" sakwanira, chifukwa anzanu a benchi yoyandikana nanu akugulitsabe. Tiyerekeze kuti munkaoda dengu la tomato pa K40,000 ku Wakawaka. Minibasi ndi wonyamula zatenga K4,000, tikiti ya msika ndi zokulungira K1,000. Dengulo lafika pa benchi litadya K45,000. Mwapanga milu 100 ya K500, ndiye kuti mukagulitsa yonse phindu ndi K5,000. Koma tomato wapansi pa dengu amaphwanyika, wina amawola tsiku lachitatu, wina mumapereka basera. Milu 10 yokha ikapita motere, mwagwira ntchito masiku atatu popanda phindu ngakhale tambala. Ndiye madzulo aliwonse munkatapamo ya ufa ndi makala. Ndalama imeneyo inkachoka pa mpamba, ndipo dengu lotsatira linkachepa osazindikira.

Dzenje lina ndi mtengo wokaodera. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja, monga kaunjika, anakwera mtengo. Amene anapitiriza kugulitsa powerengera mtengo wakale ankaona ngati malonda akuyenda, koma atabwerera kukaoda anapeza kuti ndalama yawo sikukwananso belo. Mtengo wogulitsira uzichokera pa ndalama yomwe mukaodere mawa. Palinso ngongole za makasitomala, makamaka achibale ndi a kumpingo, omwe n'kovuta kuwalondola. Palinso maliro ndi fizi. Sankhani chifukwa chimodzi kapena ziwiri zomwe zinadya ndalama zambiri, muzilembe ndi manambala. Ngati manambalawo akusowa chifukwa simunkalemba, dzenje lalikulu ndi limenelo.

Za ngongole: pitani nokha kwa eni ndalama asanakutumireni anthu. Kuzimitsa foni ndi kusintha njira kumakwiyitsa munthu kuposa kuchedwa kubweza. Yambani ndi yomwe ikubereka msanga, ndipo nthawi zambiri imeneyi ndi ya katapila. Ngati munagwirizana K50 pa K100 iliyonse pamwezi, K100,000 imafika K150,000 mwezi woyamba, ndipo chiwongoladzanja chikamaberekanso mwezi wachiwiri ndi K225,000. Geni ya pa benchi singathamange liwiro lotere. Pemphani kuti chiwongoladzanja chiime pamene chafika, inu muzipereka kangachepe sabata iliyonse, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pali mboni, kaya mfumu ya m'dera kapena mkulu wa mpingo. Ku banki m'khonde musajombe. Gulu limamvera munthu amene wabwera n'kunena kuti "amayi, ndagwa, ndizitha K5,000 pa sabata", koma wothawa amakamutengera mbale ndi matiresi. Lonjezani zochepa zomwe simungaphonye. Ndipo kubwereka kuno kuti mutseke uko kumangosamutsa dzenje n'kulikulitsa.

Mtima wofuna kuyambiranso suchita kudikiridwa pa mkeka. Umabwera munthu akamaona kanthu kakuyenda. Dzukani nthawi yomwe munkadzukira muli ndi geni, sambani, tulukani. Ganyu aliyense amene wapezeka, kaya kuchapa ku Area 47, kugulitsira mnzanu pa benchi yake kapena kutunga madzi pamalo omanga nyumba, gwirani, ndipo pa ndalama iliyonse patulani kagawo kolembedwa m'kope kuti mpamba. Kugulitsira mnzanu kuli ndi ubwino wina: mumaona mmene iye amaodera ndi mmene amakanira ngongole, popanda kuika ndalama yanu pachiswe. Uzani munthu mmodzi wokhulupirika zoona zonse, kuphatikizapo ngongole yomwe ngakhale akunyumba sakuidziwa. Mutu umodzi susenza denga, koma musauzenso msika wonse.

Pali malire ake. Ngati padutsa sabata ziwiri tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mowa wachuluka, kapena ngati nthawi ina iliyonse mukuganiza zodzichotsera moyo, imeneyo si mphwayi wamba. Pitani tsiku lomwelo kuchipatala cha Bwaila kapena ku St John of God, komwe kuli anthu othandiza pa matenda a maganizo, ndipo mutenge wina akuperekezeni.

Poyambiranso, yambani ndi theka la zomwe mtima ukufuna, ndi katundu wa mtundu umodzi wotuluka msanga amene mumamudziwa kale. Nyengo muyiyang'anenso. January ndi February ndi miyezi yomwe anthu amakhala atathera ndalama ku feteleza ndi fizi, ndipo ogula ambiri amafuna ngongole. Kuyambira cha mu April, zokolola zikayamba kulowa m'tauni ndipo msika wa fodya ku Kanengo watsegulidwa, ndalama imayenda bwinoko.

Ndalama ya geni ikhale ndi kwawo. Ngati ya pakhomo ili pa Airtel Money, ya geni ikhale pa TNM Mpamba kapena m'kachikwama kena, ndipo kumbukirani kuti kutapa kulikonse kwa ejenti kumadula, choncho musamatape pang'onopang'ono kasanu patsiku. Dzilipireni malipiro okhazikika patsiku, ndipo ndiwo zizichokera pamenepo basi. Wachibale akabwera ndi vuto, mumuthandize ndi za malipirowo.

Dzipatseni masiku 30 oyesera. Madzulo aliwonse lembani zinthu zinayi: zomwe mwaoda, zomwe mwagulitsa, zomwe zawonongeka ndi zomwe mwatapa. Lamlungu lililonse werengani katundu wotsala, muphatikize ndi ndalama yomwe ilipo. Ngati zonse pamodzi zikuposa mpamba womwe munayamba nawo, onjezerani katundu ndi theka la phindulo, theka linalo lipite ku ngongole. Ngati mpamba watsika Malamlungu awiri otsatizana, imitsani kuoda, tsegulani kope, muone kuti pa zinayi zija ndi chiti chomwe chakula.