Momwe mungapangire buku la zithunzi la kwanu kuno ku Chigwa cha Shire

Zithunzi za Nsanje ndi Chikwawa zimene anthu akutali amazidziwa ndi za madzi osefukira: anthu a ku Makhanga atazingidwa ndi madzi mu Januwale 2015, misasa ya nthawi ya namondwe Idai mu 2019, matope a Freddy mu Malichi 2023. Ojambula amabwera pa galimoto za mabungwe, madzi akaphwa n'kubwerera ku Blantyre. Miyezi ina yonseyo angaijambule ndi munthu wokhala konkuno, ndipo foni ya kamera yabwino ndi yokwanira.

Yambani ndi kusankha nkhani imodzi yaing'ono. Mukati mujambule moyo wonse wa m'chigwa mudzangodzaza foni osatulutsa buku. Tengani asodzi a doko limodzi ku Elephant Marsh, odula nzimbe ku Nchalo, oimba valimba, kapena banja limodzi la alimi a thonje ku Ngabu kuyambira kubzala mpaka tsiku la sikelo. Wojambula zithunzi Ernest Cole wa ku South Africa analondola moyo wa anthu akuda pansi pa ulamuliro watsankho, m'migodi, m'sitima ndi pa nkhani ya zitupa zoyendera zimene ankakakamizidwa kunyamula, ndipo buku lake la House of Bondage litatuluka mu 1967 boma la kwawo linaliletsa. Ngati mtima wanu uli pa madzi osefukira omwewo, onani ntchito ya Gideon Mendel, amene kuyambira 2007 wakhala akujambula anthu m'maiko osiyanasiyana ataima m'madzi pakhomo pawo, maso ali pa kamera. Munthuyo amadziwa kuti akujambulidwa ndipo wavomera.

Kuvomerako ndiye sitepe yachiwiri, ndipo musaithamangire. Kaonekereni kwa nyakwawa, kenako mupemphe munthu aliyense payekha: "Amayi, ndikupanga buku la ntchito ya pa doko pano, mungalole ndikujambuleni?" Auzeni kuti chithunzicho chidzasindikizidwa, mwinanso kuikidwa pa Facebook. Ana amafunika chilolezo cha makolo. M'minda ya kampani pemphani kwa eni ake, ndipo ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, foni isatuluke m'thumba osunga malowo asananene. Wina akakana, thokozani n'kupita.

Jambulani mmamawa kapena dzuwa likapendeka. La masana kuno limabisa maso a munthu mumthunzi wa chipumi chake, ndipo mu Okutobala ndi Novembala foni imatentha mpaka kukana kutsegula kamera. Pukutani fumbi pa galasi, siyani zokoka chithunzi ndi zala, yandikirani ndi miyendo. Pa malo aliwonse tengani chithunzi cha malo onsewo, cha munthu ali pa ntchito, ndi chapafupi kwambiri. Chapafupichi ambiri amachiiwala, chonsecho n'chimene chimagwira mtima: zala za mayi zitada ndi matope pamene akusenda nyika (mizu ya chomera cha m'madzi imene anthu amadya) chaka cha njala, kapena milamba yopindidwa itandandalikidwa pa waya, utsi ukudutsa pakati. Pitaninso pamalo omwewo nyengo ya dzinja, ya masika ndi ya chilimwe. Anthu akakuzolowerani amasiya kuima chilili ngati pa chithunzi cha chitupa.

Madzulo a tsiku lomwelo lembani m'kope dzina la munthu, mudzi, deti ndi zimene wanena. Akayankhula Chisena lembani Chisenacho. Sungani zithunzi pawiri, pa memori khadi ndi pa intaneti, chifukwa madzi akalowa m'nyumba usiku foni imapita limodzi ndi mbuzi. Potumiza pa WhatsApp sankhani document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa n'kudzatuluka chosaoneka bwino papepala.

Ntchito yopweteka ndi kusankha. Tsukitsani zithunzi zing'onozing'ono ku situdiyo, muziyale pa mphasa, mutsale ndi 30 kapena 40. Ziwiri zikafanana chimodzi chichoke, ngakhale munachivutikira m'bwato ng'ona zili pafupi. Wowerenga sadzaona kuvutikako. Zisuntheni mpaka ziwiri zoyang'anizana pa masamba ziyambe kugwirizana, monga ukonde wodzaza kumanzere ndi msika wa Bangula kumanja. Itanani amene munawajambula adzaone musanasindikize. Iwo ndi amene angakuuzeni kuti dzina mwalakwitsa, kapena kuti chithunzi china chingawachititse manyazi kwa apongozi.

Masamba akonzeni pa kompyuta ndi pulogalamu ya Scribus, yomwe ndi yaulere, kapena Canva, n'kusunga ngati PDF. Osindikiza amafuna 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse ya chithunzi), ndipo chithunzi cha 12 megapixel chimadzaza tsamba la A4 popanda vuto. Buku lomangidwa ndi mawaya pakati limafuna masamba ogawika ndi 4, monga 32 kapena 48. Funsani mitengo kwa osindikiza angapo ku Blantyre ndi Limbe, ndipo muyambe ndi buku limodzi loyesera, chifukwa papepala zithunzi zimada kuposa pa foni. Ngati mukufuna kuligulitsa m'masitolo a mabuku, nambala ya ISBN, yozindikirira buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti mukasiye kope la buku lililonse losindikizidwa m'Malawi muno.