Wosewera mpira wakale wayamba kuiwalaiwala: zoyenera kuchita pakhomo

Amene anasewerapo mpira ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula akudziwa mwambo wake. Munthu akagundana mitu ndi mnzake n'kugwa, ankangomuthira madzi kenako n'kumuuza kuti, "Dzuka, ndiwe mwamuna." 

Koma ubongo ukagwedezeka mobwerezabwereza, zotsatira zake zimatha kudzaoneka patapita zaka zambiri. Mu 2019 akatswiri a ku Glasgow anapeza kuti osewera mpira akale a ku Scotland ankafa ndi matenda ofoola ubongo mowirikiza katatu ndi theka kuposa anthu ena. Ndiye ngati bambo kapena amuna anu asintha, yambani motere.

Choyamba, khalani nawo pansi mulembe mbiri ya mutu wawo. Anagundidwa kangati? Anakomokapo? Musawerenge kukomoka kokha, chifukwa ambiri ubongo umagwedezeka iwo ali maso. Funsaninso anzawo a mu timu, amakumbukira zomwe mwiniwake anaiwala. Ngozi za kabaza muziikemonso.

Kenako kwa mwezi umodzi muzilemba mu kope zomwe mukuona: kufunsa funso limodzi kasanu, kusochera pochokera kumsika, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kusowa tulo, litsipa losatha. Lembani ndi madeti omwe. Kunena kuti "asintha basi" sikumuthandiza dokotala.

Ndi kopelo ndi buku la kuchipatala, pitani nawo kuchipatala chachikulu cha Chikwawa kapena cha Nsanje. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, chifukwa timayambira kwa sing'anga, mwinanso kuloza chala agogo a pamudzi. Pemphani kuti awayeze BP, shuga ndi makutu, ndipo munene zoona za mowa. Matenda a nkhawa, kachasu ndi kusamva bwino zimabweretsanso kuiwala, ndipo izi zili ndi thandizo. Akaona kuti m'pofunika kuunika mutu ndi makina, adzakutumizani ku Queens ku Blantyre.

Musathamangire kunena kuti ndi CTE, matenda a ubongo obwera chifukwa chogundidwa mutu mobwerezabwereza, omwe Dr Bennet Omalu wa ku Nigeria anawapeza mu ubongo wa Mike Webster, wosewera mpira wogundana wa ku America (American football), mu 2002. Amenewa amatsimikizika pokhapokha munthu atamwalira, ndipo ambiri omwe anagundidwapo mutu sawadwala.

Pakhomo, tetezani mutuwo usagundidwenso: chipewa cholimba akakwera njinga yamoto, mpira wa madala akhoza kusewera koma osamenya ndi mutu. Aziyenda m'mawa dzuwa la kuno kuchigwa lisanawawe, azimwa madzi, ndipo asasiye bawo ndi anzawo.

Akagwa posachedwa n'kuyamba kusanza, kusinza kwambiri, kugwa ngati wakhunyu kapena kufooka mbali imodzi, kope lisiyeni, pitani nawo tsiku lomwelo. Mwa achikulire magazi amatha kukhira m'mutu pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Akalankhula zodzipha, musawasiye okha mpaka aonane ndi dokotala.