Momwe mungasandutsire kontena kukhala nyumba ya anthu amene agweredwa ngozi

Madzi akasefukira, chivomezi chikagwetsa nyumba kapena namondwe akasasula madenga, chinthu choyamba kufika pa msasa ndi matenti. Pa masabata oyambirira matenti amathandiza ndithu, koma dzuwa ndi mvula zimawadya msanga, komanso tenti ilibe loko, mayi amene ali ndi ana aakazi sagona tulo podziwa kuti aliyense atha kung'amba nsaluyo ndi mpeni n'kulowa. N'chifukwa chake ambiri amayang'ana ku makontena, aja amanyamula katundu pa sitima zapamadzi ndi pa mathiraki. Si maloto ayi, zinachitikapo. Mafunde aakulu a m'nyanja a tsunami ya 2011 atawononga tauni ya Onagawa ku Japan, katswiri wojambula nyumba Shigeru Ban anasanjikiza makontena mpaka nsanjika zitatu pa bwalo la masewero chifukwa malo a fulati anali ochepa, n'kupezeka nyumba 189. Ku Turkey nakonso chivomezi cha pa 6 February 2023 chitachitika anthu miyandamiyanda anakakhala m'midzi ya makontena.

Koma ndinene msangamsanga, kontena momwe ilili si nyumba. Anaipangira katundu, katundu sapuma, satuluka thukuta, sadwala. Mukangoitsitsa pa lole n'kulowetsamo banja ndiye kuti mwawaika mu uvuni, masana simukhalika, usiku chitsulo chikazizira madzi amadontha kudenga kunyowetsa zofunda. Ntchito yonse ili m'munsimuyi kwenikweni ndi yolimbana ndi zinthu zitatu, kutentha, madzi ndi mpweya. Zinazi ndi zongowonjezera.

Yambani ndi kuwerenga anthu

Musanagule kanthu dziwani kuti mugonamo anthu angati. Buku la Sphere, limene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira, limati munthu mmodzi asachepere masikweya mita 3.5 a malo okhala. Kontena ya mafiti 20 kunja kwake ndi mamita 6.06 m'litali ndi 2.44 m'lifupi, mkati mumatsala pafupifupi masikweya mita 14. Ndiye anthu anayi basi, ndipo mukatchinga makoma mkati malo aja amachepanso. Ya mafiti 40 imafika cha m'ma 28, anthu asanu ndi atatu. Banja likakhala lalikulu ine ndimakonda makontena awiri a mafiti 20 oyang'anizana, pakati n'kusiya mpata wa mamita atatu kapena anayi wofoleredwa ndi denga, pamenepo ndi pophikira, pochezera, poyanika zovala, ndipo makolo ndi ana akuluakulu amagona kosiyana zomwe ndi ulemu umene anthu pa msasa amausowa kwambiri.

Msinkhu nawo musauiwale. Kontena wamba mkati ndi mamita pafupifupi 2.39 kutalika pomwe Sphere imati kumalo otentha kudenga kufike 2.6. Pali mtundu wina wotchedwa high cube, mkati mwake umafika pafupifupi 2.7, mukaupeza tengani umenewo, kusiyana kwa masentimita 30 mumakumva pathupi.

Kusankha kontena

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa ndi penti watsopano. Ogulitsa amazigawa m'magulu, pali one trip yomwe yayenda ulendo umodzi wokha, cargo worthy yomwe ikadaloledwa kukwera sitima, wind and water tight yomwe yapuma pantchito koma siidontha, ndi as is yomwe ndi mwayi wanu. Yogonamo anthu musatsike kupitirira wind and water tight.

Pitani mukaione ndi maso, mutenge mnzanu. Lowani mkati masana dzuwa likuswa mtengo, mnzanuyo akankhe zitseko ali panja pomwepo osachoka, inu yang'anani kudenga ndi m'makona. Kakuwala kalikonse kolowa ndi bowo limenelo, mvula idzalowanso pomwepo. Kenako nunkhizani. Kafungo ka mankhwala, ka mafuta kapena kowawa m'mphuno kakamveka isiyeni, musanyengereredwe ndi mtengo wotsika. Kwerani pamwamba muone ngati pali pomwe pabonyoka pomwe madzi amadikha, gwadani muone zitsulo zapansi ngati dzimbiri lazidya. Chitsulo cha kontena ndi cha mtundu wa Corten, dzimbiri la pamwamba silioopsa, choopsa ndi lija lofika pokanganuka ngati makungwa.

Pa chitseko cha kumanzere pamakhala kachitsulo kolembedwa, CSC plate. Werengani. Pali chaka chomwe inapangidwa, komanso pamzere wa timber component treatment amalembapo mankhwala amene anathira m'matabwa apansi kuti tizilombo tisayende nawo maiko ena. Funsaninso kuti inkanyamula chiyani, ina imakhala itafukiziridwa mankhwala akupha ngati phosphine kapena methyl bromide, choncho kontena yomwe yangotsitsidwa kumene katundu iyambe yakhala chitsekulire masiku angapo munthu asanalowemo kukagwira ntchito.

Malo ndi miyendo yake

Malo akhale okwera, kutali ndi mtsinje, kutali ndi m'munsi mwa phiri lomwe lingagumuke, otsetsereka pang'ono pokha kuti madzi azidutsa. Onaninso msewu. Kontena ya mafiti 20 yopanda kanthu imalemera makilogalamu oposa 2,000, ya 40 pafupifupi 4,000, siinyamulika pamanja, pamafunika lole yokhala ndi kireni, ndiye ngati milatho yakokoloka kapena njira ndi matope okhaokha siifika, apo matenti ndi malona ndiwo athandize kaye.

Kulemera konse kwa kontena kumatsamira pa makona ake anayi, pa zitsulo zokhuthala za mabowo zija. Ndiye simufunika kuthira konkire pansi ponse ayi. Mangani zipilala zinayi za konkire pa makona, ya mafiti 40 onjezeraniko zina pakati, zikwere mwina theka la mita kuti mphepo izidutsa pansi ndi madzi oyenda asakhudze chitsulo. Ikani levulo bwinobwino chifukwa kontena ikapendekeka ngakhale pang'ono zitseko zimakana kutseka. Pothira konkire mizanimo chitsulo chafulati pamwamba pa chipilala chilichonse kuti makona mudzawamange ndi mabawuti. Anthu amaona ngati chinthu cholemera chonchi sichingasunthe, koma kontena yopanda katundu imayandama pa madzi osefukira ndipo mphepo yamkuntho imaigubuduza, kumanga kumeneku sikodumpha. Ndipo chonde musaikwirire pansi kapena kuunjika dothi pamwamba poti kuzizizira, denga ndi makoma ake ndi chitsulo chopyapyala cha mamilimita awiri kapena kucheperapo, chimabonyoka.

Pansi, zitseko ndi mawindo

Matabwa apansi aja ndi pulayiwudi wa mamilimita 28 wothiridwa mankhwala. Ana amakwawa pansi, anthu amayala mphasa pansi, ndiye simungawasiye choncho. Njira yabwino ndi kuwazula n'kuika ena atsopano, ndalama zikavuta atsukeni, aume, muwapake penti wolimba wa epoxy wotseka bwinobwino kenako pulasitiki yokhuthala ndi matabwa ena pamwamba. Penti wakale wa m'makoma nthawi zina amakhala ndi mtovu ndi mankhwala ena oipa, wopala kapena kudula avale chotchinga kukamwa ndi magalasi, ntchito ichitikire pamtetete.

Tsopano nkhani ya chitseko, iyi ndiye imandikhudza kwambiri. Zitseko za kontena zimatsekeka ndi mipiringidzo yakunja, munthu ali mkati sangatsegule. Tangoganizani moto wabuka usiku, kapena ana akusewera wina watsekera mnzake n'kuiwala, kapena munthu wankhanza watsekera mkazi wake. Choncho zitseko zikuluzikuluzo zitsegulidwe n'kumangiriridwa kumbali, pakhomopo mangani khoma la matabwa lokhala ndi chitseko wamba chotsegukira kunja, chokhoma ndi kutsegula muli mkati. Kumapeto kwinako kukhale windo lalikulu loti munthu wamkulu n'kutulukirapo, mukaikapo mabagala akhale otseguka muli mkati.

Mawindo aikeni moyang'anizana kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko, timabowo tina mmwamba pafupi ndi denga potulukira mpweya wotentha, tina mmunsi, ponse gozi waya woletsa udzudzu. Jambulani ndi choko, dulani ndi gilayinda, ndipo bowo lililonse wowotcherera aliikire felemu ya chitsulo kuzungulira, chifukwa makwinya a m'makoma aja ndi amene amagwira kontena, mukadula mwaichotsera mphamvu. Kuchotsa khoma lonse kuti mulumikize awiri, kapena kusanjikiza ngati ku Onagawa, zimenezo zimafuna injiniya.

Denga lachiwiri

Mukanati muchite chinthu chimodzi chokha pa zonsezi, ine ndikanati ichi. Mangani denga lina la malata pamwamba pa kontena, losiya mpata wa masentimita 30 mpaka theka la mita, lotsekuka mbali zonse kuti mphepo izidutsa pakati. Dzuwa limamenya malatawo osati chitsulo cha kontena, kutentha kumauluka ndi mphepo. Litulukire kunja pafupifupi mita kuti makoma akhale pamthunzi ndipo pakhomo papezeke khonde. Mizati yake imangidwe ndi mabawuti pa makona ndi pa zitsulo za m'mphepete, osati pakati pa denga la kontena. Katswiri wa ku Australia Sean Godsell anapanga nyumba yothawirako anthu ya kontena yotchedwa Future Shack, ndipo chomwe chimaoneka koyamba ukaiyang'ana ndi denga lomweli lotambasuka pamwamba pake. Makoma kunja pakani penti woyera.

Denga lomweli limakupatsaninso madzi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye denga la masikweya mita 30 mvula ya mamilimita 20 ikagwa ndi malita 600 amenewo. Ikani magata ndi thanki yovindikira, madzi oyamba otsuka fumbi azitayidwa, akumwa azithiridwabe klorini. Sphere imati munthu apeze malita osachepera 15 patsiku, thanki yokha siikwanira koma imachepetsa mizere pa mpope.

Mkati mwake tchingani makoma ndi kudenga ndi insulesheni, zinthu zoletsa kutentha ndi kuzizira kudutsa. Ya thovu yopopera imamatirira pa chitsulo osasiya mpata woti chinyezi chisanduke madzi, koma imafuna makina, ndipo ikagwira moto utsi wake ndi woipa choncho iyenera kuphimbidwa ndi bolodi. Ya ubweya wa miyala (rock wool) siyaka, koma muikire pulasitiki yoletsa chinyezi apo ayi imanyowa n'kuyambitsa nkhungu ndi dzimbiri kuseri komwe simukuona. Kumalo ozizira insulesheni ikhale yokhuthala ndipo pansi pomwe patchingidwe.

Magetsi, moto ndi zimbudzi

Sola imodzi kapena ziwiri padenga, batire, mababu a LED ndi potchajira foni, zakwana. Foni pa msasa si chinthu chamanyado, ndi momwe anthu amapezera abale awo osowa ndi kulandirira thandizo. Mawaya onse adutse m'mapaipi apulasitiki, ndipo kontena yonse ilumikizidwe ku chitsulo chokhomera m'nthaka, nyumba ndi yachitsulo iyi, waya mmodzi wosupuka ndiye khoma lonse ligwira munthu. Aike ndi wodziwa zamagetsi.

Kuphika kukhale panja pa khonde. Mbaula yamakala kapena jenereta zisalowe mkati ngakhale kuzizire bwanji, mpweya wake sununkha, anthu amangogona osadzukanso. Izi muwauze anthu pakamwa tsiku lolowa ndipo mujambule chithunzi pakhoma kwa osatha kuwerenga.

Zimbudzi zikhale padera, chimodzi kwa anthu osapitirira 20, za amayi ndi abambo kosiyana, zokhoma mkati, njira yake yowala usiku, ndipo maenje ake atalikirane ndi zitsime mamita osachepera 30. Pakati pa nyumba ndi nyumba pasachepere mamita awiri, ndipo pa mamita 300 aliwonse siyani mpata wa mamita 30 wotchinga moto. Poti kontena mwaikweza, ena akufunika potsetsereka polowera, agogo, amayi oyembekezera ndi oyenda pa njinga ya olumala, nyumba zawo zikhale kufupi ndi madzi ndi chipatala. Afunseni eni akewo kuti khomo liloze kuti, ayandikane ndi ndani, anthu amene ataya zonse asamangopatsidwa nambala.

Konzani ngozi isanagwe

Kudula, kuwotcherera ndi kutchinga kontena imodzi kumadya masiku, ndipo ngozi ikagwa magetsi amakhala atazima, amisiri nawonso akusaka mabanja awo. Choncho bungwe, mpingo kapena khonsolo yofuna njira imeneyi ikonzeretu makontena nthawi yamtendere, iwasunge pamalo okwera, mkati mwake mutalongedwa malata a denga lachiwiri, mabawuti, thanki, sola, zofunda ndi zidebe, ndipo mgwirizano ndi eni malole a kireni ukhale utasainidwa kale, chilolezo cha malo chilinso m'manja. Akakhala ochepa musawagawe mwachisawawa, oyamba akhale kachipatala, mosungira mankhwala ndi chakudya, malo otetezeka a amayi ndi ana, kenako mabanja a odwala ndi okalamba.

Anthu akalowa ntchito siinathe. Mvula isanayambe wina azizungulira kuchotsa masamba m'magata, kukunga mabawuti, kupala dzimbiri pomwe layamba makamaka m'mphepete mwa mawindo momwe munadula n'kupakapo penti. Phunzitsani achinyamata a pa msasa pomwepo ntchito imeneyi. Ndipo lembani pachiyambi penipeni kuti mabanja akabwerera kwawo kontena idzakhala ya ndani, kaya idzasanduka kalasi, kaya chipatala chaching'ono, kaya idzamasulidwa mabawuti n'kubwerera kosungira. N'chifukwa chake pa makona ndi pa denga lachiwiri ndinati mabawuti osati kuwotcherera, kuti kireni ikabwera anthu ochepa ndi masipanala amasule n'kukweza pa lole.