Momwe mungawerengere pepala la magazi a mphaka wanu, makamaka za chiwindi

Kuno ku Tete, kaya mwayezetsa mumzinda kaya dokotala wa ziweto wakutumizirani muli ku Ulongwe, pepalalo limabwera m'Chipwitikizi. Musathamangire nambala imene yakwera. Yambani ndi malire olembedwa pansi pa mawu akuti valores de referência, ndipo funsani ngati malirewo ndi a mphaka. Magazi akayezedwa ku labotale ya anthu, malire amakhalanso a anthu, choncho mphaka wodwala akhoza kuoneka ngati ali bwino.

Kenako pezani ALT, imene ena amalemba TGP. Imeneyi imakhala m'kati mwa maselo a chiwindi, ndipo imatayikira m'magazi maselowo akavulala. Ikukuuzani kuti chiwindi chapwetekeka, koma siikunena chimene chachipweteka, kapena ngati chikugwirabe ntchito. AST, kapena kuti TGO, imachokeranso m'minofu, ndiye payokha musaidalire.

Pamene muyenera kufatsa ndi pa fosfatase alcalina, yolembedwa FA kapena ALP, imene imachokera m'chiwindi ndi m'mafupa. Mwa mphaka imatha msanga m'magazi, pafupifupi theka lake m'maola 6 okha. Ndiye ikapezeka yakwera, ngakhale pang'ono, chilipo chikuchitika panopa. Galu ndi wosiyana, musayerekeze. Kamwana ka mphaka kokha ndi kamene kangakhale nayo yokwera popanda vuto, chifukwa mafupa akukula.

Ikani FA pambali pa GGT, inanso yochokera m'chiwindi ndi m'njira za ndulu. FA ikakwera kwambiri GGT ili pafupi ndi malire, madokotala amaganizira mafuta odzaza m'chiwindi. Zimachitika mphaka wonenepa akasiya kudya masiku angapo: thupi limatumiza mafuta ake ambiri kuchiwindi mpaka chimalemedwa. Zonse ziwiri zikakwera, maso amapita kunjira za ndulu.

Tsopano siyani pepala, nyamulani mphakayo. Tukulani mlomo muone nkhama, yang'anani koyera kwa diso ndi m'kati mwa khutu, panja powala. Ngati muli chikasu, bilirrubina, chinthu chachikasu chimene chiwindi chimachotsa m'magazi, yakwera. Onaninso hematócrito, nambala yosonyeza kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, poti chikasu chimabweranso maselo ofiira a magazi akamaphwanyika, chiwindi chilibe mlandu. Albumina ndi ureia, zimene chiwindi chimapanga, ndi glicose, shuga wa m'magazi, zikatsika pamodzi, mwina chiwindi chayamba kulephera ntchito.

Mphaka wokalamba amene akudya ngati walusa koma akuwonda, pemphani amuyeze T4, nambala yosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola, ALT ndi FA zimakwera.

Pobwerera kwa dokotala, nenani zonse: anasiya liti kudya, akusanza kapena ayi, walawa mankhwala ati, kuphatikizapo a makoswe ndi opopera m'munda. Ndipo chonde, paracetamol kapena Panado musam'patse ngakhale kachidutswa. Thupi la mphaka silitha kuphwanya mankhwalawa. Amawononga magazi ndi chiwindi, ndipo amapha. Ambiri amachita zimenezi chifukwa cha chisoni, n'chifukwa chake ndikutsindika.

Ngati ALT yangokwera pang'ono mphaka akudya ndi kusewera, kawirikawiri amati mukayezetsenso pakatha milungu 2 mpaka 4, pa labotale yomweyo kuti manambala afanane poyerekeza. Funsani ngati ayenera kupita asanadye. Koma amene watha masiku awiri osakhudza mbale, kapena nkhama zasanduka zachikasu, musadikire milunguyo. Pitani naye lero.