Momwe mungasasulire denga la asibesitosi popanda kupuma fumbi lake

Nyumba zambiri zakale ku Chilenje, Libala, Kabwata ndi Matero mumzinda wa Lusaka zinafoleredwa ndi asibesitosi, ndipo eni ake ena akusasula kuti aike malata achitsulo. Inu a kapitawo amene mwapeza ntchito yotere, moyo wa anyamata anu uli m'manja mwanu.

Denga la asibesitosi likakhala lathunthu silivuta kwenikweni. Likasweka, kubooledwa kapena kudulidwa, limatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso, timene timakakhazikika m'mapapo. Matenda ake, monga khansa ya m'mapapo ndi mesothelioma (khansa ya kachikopa kokuta mapapo), amadzaonekera patapita zaka 20, 30 kapena kuposerapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa.

Yambani ndi kuchotsa anthu pamalopo, makamaka ana. Tsekani mawindo, muuze oyandikana nawo aanule zovala, ndipo yalani pulasitiki pansi.

Aliyense avale ovolosi yotaya ikatha ntchito ndi masiki ya mtundu wa FFP3, yosefa fumbi losaoneka ndi maso, yogwira bwino kumaso. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga timaulusiti. Mkaka umene ambiri amamwa akaweruka nawonso sutsuka mapapo.

Kenako nyowetsani denga pang'onopang'ono ndi madzi othira sopo pang'ono, ndipo lizikhala lonyowa mpaka ntchito ithe. Pondani pa matabwa, chifukwa asibesitosi wakale amathyoka mosachenjeza, ndipo akanyowa amaterera. Masulani mabauti limodzilimodzi, lokana mulidule ndi chodulira chamanja. Galainda ndi dirilo zisayandikire n'komwe. Ndikudziwa kuti galainda imafulumizitsa ntchito, koma fumbi loyera limene limatsalira m'nsidze ndi m'tsitsi la woidulira ndi lomwelo limene lalowa m'chifuwa mwake. Tsitsani chidutswa chilichonse chathunthu, mopatsirana pamanja, osaponya pansi.

Mukamaliza musasese. Pukutani ndi nsanza zonyowa, zidutswa ndi nsanzazo muzikulunge m'mapulasitiki awiri ochindikala, mumate ndi kulembapo kuti ndi asibesitosi. Izi ndi zinyalala zoopsa, choncho funsani a ZEMA, bungwe la boma loteteza chilengedwe ku Zambia, za kotayira kovomerezeka. Musagulitse kwa omanga makola a nkhuku, kapena kukwirira nazo maenje a mumsewu.

Ovolosi ivulidwe pomwepo masiki ikadali kumaso, ndipo isapite kunyumba kuti amayi akachape, chifukwa ochapa zovala zotere nawonso amadwala. Sambani musanadye nsima.

Amene mwagwira ntchitoyi zaka zambiri, kauzeni adokotala kuti akupimeni m'chifuwa, ndipo ngati mumasuta fodya siyani, poti fodya ndi asibesitosi zikakumana, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakula kwambiri.