Musanasindikize nsalu za kampeni, onani kaye ngati malamulo akukulolani kuima

Amene mukufuna kudzaima pa uphungu wa Nyumba ya Malamulo, yambani mwawerenga gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino. Zimandipweteka kuona munthu atagula mipira ya achinyamata, atakonza mijigo, mapepala ake nkukakanidwa ku MEC pa chinthu chimene akadachikonza kalekale.

Zoyambirira n'zosavuta. Mukhale nzika ya Malawi, ya zaka 21 pofika tsiku lopereka mapepala, dzina lanu lili m'kaundula wa ovota. Muyeneranso kutha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, choncho satifiketi yanu ya MSCE ikhale pafupi. Lamulo la Chingerezili ine silindisangalatsa, chifukwa limatsekera kunja anthu anzeru amene amadziwa bwino mavuto a kumudzi, koma pakadali pano ndilo likugwira ntchito.

Ambiri amapunthwa pa ntchito ya boma. Mphunzitsi, namwino, kalaliki wa kwa DC, msilikali kapena wapolisi sangaime akadali pa ntchito. Lembani kalata yosiya ntchito nthawi ikadalipo, ndipo musangoisiya pa tebulo la abwana n'kumapita. Bwererani mukatenge yankho lawo, lokhala ndi chidindo ndi tsiku, mulichititse fotokope. Mu 2014 MEC inakana mapepala a Jessie Kabwila ponena kuti anali akadali mphunzitsi wa ku Yunivesite ya Malawi. Khoti linawabwezeretsa ndipo anapambana, koma si aliyense ali ndi ndalama za loya komanso mtima wothamanga m'makhoti anzake ali pa misonkhano.

Kenako yang'anani mbiri yanu. Ngati m'zaka 7 zapitazi khoti linakupezani olakwa pa mlandu wosakhulupirika, monga kuba kapena chinyengo, kapenanso wophwanya malamulo a chisankho, dikirani zakazo zithe. Amene khoti linagamula kuti walephera kubweza ngongole ndipo silinamumasule, amene linagamula kuti mutu wake sukuyenda bwino, ndi amene analumbira kumvera dziko lina, onsewa saloledwa. Abale amene munatenga unzika wa kunja, funsani loya musanakwere ndege.

Nduna nayo imayesedwa ndi muyeso womwewu, pa gawo 94, ngakhale isakhale phungu. Pa upulezidenti, gawo 80 likufuna zaka 35 ndi unzika wobadwa nawo, ndipo mu 2009 Bakili Muluzi anakanidwa chifukwa anali atalamulira kale materemu awiri.

Pa mapepala a uphungu pamafunika siginecha za ovota 10 a m'dera lomwelo. Musatume mnyamata kuti akasainitse ku msika. Khalani nawo pansi mmodzimmodzi, muone chiphaso cha aliyense, mutsimikize kuti analembetsa m'dera lanu. Mu 2025 amuna analipira K2.5 miliyoni, amayi ndi achinyamata theka lake. Risiti ya ku banki muisunge pamodzi ndi mapepalawo, ndipo mukawaonetse kwa oyang'anira chisankho tsiku lotseka lisanayandikire kuti akuuzeni pofunika kukonza.