Ojambula, lekani kumata kamera pankhope za anthu

Nyengo ino ya maukwati ndi zinamwali, zithunzi zambiri zosindikizidwa kuno ku Mangochi zadwala matenda amodzi: mkwatibwi mphuno yotupa, chipumi chotukuka, makutu atathawira kumbuyo. Mukunamizira kamera, pamene cholakwika ndi malo amene mukuima.

Lenzi yobwera ndi kamera zambiri imalembedwa 18-55mm. Manambalawo ndiwo focal length. Nambala ikachepa, lenzi imaona malo otambalala ndipo munthu amaoneka wamng'ono. Inu mumaisiya pa 18 tsiku lonse, kenaka n'kusendera mpaka masentimita 40 kuti nkhope idzaze. Pamenepo mphuno ili pa 40, makutu pa 50. Chapafupi chimakula, ndiye mphunoyo yaposa makutu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukadaima pa mamita 2, masentimita 10 omwewo sakadaoneka n'komwe.

Pagulu n'chimodzimodzi. Pa 18mm oima kumapeto amatamuka, ankhoswe owonda n'kusanduka onenepa. Mwini chithunzi akakana kulipira, pepala ndi inki zapita, ndipo ukwati sabwereza. Koma ojambula ukawalangiza amayankha kuti "takhala tikujambula chonchi kuyambira kale". Kale lomwelo mphuno zinkatupa, kungoti anthu analibe kwina kopita.

Mlimi wina wa ku Namwera anajambula mbuzi yake ndi foni atayandikira kumutu, n'kutumiza pa WhatsApp. Mutu unaoneka waukulu, thupi kachepechepe, ogula n'kumati ndi yowonda. Atabwerera m'mbuyo n'kuijambula cham'mbali, mbuzi yomweyo inapeza wogula. Kamera yaikulu ya foni, ya 1x ija, imafanana ndi lenzi ya 24 mpaka 26mm, ndipo 0.5x ndi cha m'ma 13mm. Zonsezi ndi zojambulira gombe la Cape Maclear, osati nkhope.

Chochita n'chachidule. Pojambula munthu mmodzi, potozani lenzi ifike pa 55 ndipo muime mamita 2 kapena 3. Pa kamera zazing'ono za Nikon chulukitsani nambalayo ndi 1.5, za Canon ndi 1.6, choncho 55 ikugwira ntchito ngati 82 kapena 88mm ya pa kamera zikuluzikulu. Shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, isachedwe kuposa 1/100 ya sekondi, apo ayi kunjenjemera kwa manja kuoneka. Pagulu yambani pa 35 ndipo kumapeto musiye mpata. Pafoni dinani 2x mutabwerera m'mbuyo. Pa mafoni ambiri, kukoka ndi zala mopyola pamenepo kumangodula chithunzi n'kuchisiya chosaoneka bwino.